Nyumba Yopanda M'kati

1

Dzina langa ndine Felisberto. Ndimalima kachewere ku Tsangano, ndipo anthu amati sindiyankhula. Sakunama. Mkazi wanga Palmira ndiye ankayankhulira tonse awiri. Atamwalira chaka chatha, m'nyumba munangoti zii ngati m'tchalitchi Lolemba.

Nkhani iyi ndikuilemba chifukwa pakamwa singatuluke.

Mwana wathu ndi mmodzi, Nélia. Anaphunzira ku Beira ntchito imene inanditengera nthawi kuti ndiimvetse. Amaumba anthu pa komputadori. Sajambula munthu wamoyo ayi. Amayamba ndi chibuluma chotuwa ngati dongo, n'kumachikanda mpaka chituluke mphuno, makutu ndi zala. Kenako amachiika mafupa m'kati kuti chizipinda mawondo, n'kuchiveka khungu ndi nsalu. Mapiri, mitengo, ngakhale dzuwa, amapanga yekha. Zonsezo zikayamba kuyenda pamodzi, ndiye filime.

Anabwera kumudzi titangokumba kachewere, komputadori ili m'chikwama.

"Papá, ndikupanga kafilime kakafupi ka Mamã. Ndikufuna maso anu."

"Maso anga atani?"

"Inu ndi amene munawaona nthawi yaitali. Mukaona cholakwika muzinena."

Anatsegula. Pagalasi panaima chinthu chotuwa, manja chitatambasula, mutu uli mbee.

"Uyu ndani?"

"Ndi Mamã. Sindinamalize."

"Amako analibe dazi."

Anaseka mpaka kugwira m'mimba. Aka kanali koyamba kumva kuseka m'nyumbamo chichokereni kumanda.

Kuyambira pamenepo, ndikachoka kumunda ndinkakhala pambali pake. Iye asunthe mphuno, ine ndiyang'ane.

"Si iyeyo."

Achepetse masaya, atsegule mpata wa mano akutsogolo.

"Si iyeyo."

"Papá, mawu ena mulibe? Ndikakugulireni kumsika?"

"Chipsera cha mafuta. Padzanja lamanja."

Anachiika. Anamumanga duku lamaluwa ofiira lija, mfundo ili pambali monga ankamangira mwini wake. Tsiku lina masana anatembenuza nkhopeyo kuti indiyang'ane, ndipo ndinadzuka n'kukaima kukhola la mbuzi. Nélia sananditsatire. Anadziwa kuti nkhope yatheka.

Chinakanika ndi mayendedwe. Palmira wa pagalasi ankayenda ngati mlendo woopa kuponda maluwa a eni.

"Phazi lamanja linkalozera kunja," ndinatero. "Ndipo akayenda pang'ono ankapititsa dzanja kumbuyo, n'kudzigwira pamsana apa."

"Zoona, ankatero. Chinali chiyani?"

"Msana."

Dzanja analikonza tsiku lomwelo. Koma phazi linakana. Akalipotoza pang'ono, ayenda ngati bakha. Akalibweza, ayenda ngati msilikali.

"Mayendedwe sapangidwa ndi mawu, Papá," anatero atatopa. "Pamafunika munthu wamoyo woyenda choncho, ndimujambule pa telefoni, ndiye ndizitsanzira. Ndinayesa kudzijambula ndekha, koma ine ndimayenda ngati inu, ngati munthu wokwiyira nthaka."

2

Kenako anandionetsa malo amene Palmira wakeyo adzayendemo.

"Izi ndiye simupezapo cholakwika," anatero monyadira. "Anakonza ndi Mamã eni ake. Mukukumbuka nthawi ija ankadwala, ine n'kumakhala nawo pamphasa? Tinkamanga nyumba iyi. Filime yonse ndi yakuti akubwerera kunyumba yanu yoyamba."

Ndinayang'ana. Nyumba ya zidina, yofolera malata. Chitseko chobiriwira. Pakhonde mpando wamiyendo itatu. Pabwalo thayala lagalimoto lobzalamo tsabola. Kumbuyo chigafa cha fodya, ndipo patali phiri lokhala ndi mwala waukulu wong'ambika pakati ngati wadulidwa ndi nkhwangwa.

"Ankandivuta kuposa inu," Nélia anapitiriza. "Amvekere, chitseko chisunthe kumanzere. Thayala si lakuda choncho, linachita mbuu ndi dzuwa. Mpaka mng'alu uwu wa pakhoma anandiuza ndi iwo. Mukuti bwanji?"

Nyumba yathu yoyamba inali ya udzu, chitseko cha bango. Inali pompano pa Tsangano, pamene pali khola lero. Fodya sindinalimepo chibadwire.

"Tsegula chitsekocho," ndinatero.

"Sichitseguka. M'kati mulibe kanthu." Anazunguza chithunzicho n'kundilowetsa kudzera pakhoma. Munali mbee, makoma okhaokha ngati dengu lovundikira. "Ndinawafunsa kuti m'katimu muli chiyani. Anati sakudziwa. Ndinkayesa matenda awaiwalitsa. Inu ndiye mundiuze."

"Sindikuidziwa nyumba imeneyi."

"Papá, musayambe."

"Sindinaionepo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatseka komputadori mwakachetechete, ngati akuphimba munthu wogona.

3

Munthu saloweza mng'alu wa khoma la nyumba imene anangoidutsa. Izi ndi zimene zinkandidya ndikamapalira, ndikamadya, ndikamapemphera.

Palmira ndinakumana naye ku Malawi, kumsasa wa othawa nkhondo cha ku Ntcheu. Anali wa ku Macanga, anali yekha. Anati abale ake onse anathera m'mudzi. Ine anga anathera panjira. Tinakwatirana opanda ankhoswe enieni. Tsiku lobwerera kuno mu 1993, tili pamwamba pa lole, anandigwira malaya.

"Pali chimene sindinakuuzeni cha kwathu."

"Za nkhondo zitsale kuno," ndinayankha. "Tikawoloka malire sitizikambanso."

Ambiri amene tinabwerera tinapangana choncho. Tinkati ukatchula zinthuzo zimakutsatira m'nyumba. Palmira anagwedeza mutu, ndipo sanayambitsenso.

Nélia ali wamng'ono, amake anapita ku Furancungo kumaliro a mnzawo wa kumsasa. Anabwerako ndi kathumba ka nyemba zamawanga, maso atatupa. Kuyambira chaka chimenecho, tikangokolola ankanyamula kachewere pang'ono n'kunena kuti akukagula mbewu ya nyemba ku Macanga. Nyemba kwathu kuno n'zosasowa. Ulendowo ndi wa shapa ziwiri, maminibasi athu aja, ndi fumbi la tsiku lonse. Sindinafunsepo. Ankabwerako ali chete masiku angapo, kenako n'kuyambanso kuimba.

Tsopano ndinali ndi chigafa cha fodya pamaso panga, ndi mpando wa pakhonde. Ndinkadzifunsa kuti pampandopo pankakhala ndani. Ndinkafuna kudziwa chinthu chimodzi chokha: kodi amene ndinamuika m'manda anali mkazi wanga, kapena ndinkangosungira mwamuna wina?

"Tipita," ndinauza Nélia m'mawa wina.

"Kuti?"

"Kukagula nyemba."

Anayamba kulira. "Papá, tiisiye. Ndifufuta nyumbayo, ndimanga yathu ino. Mamã sangathenso kudziyankhira."

"Konzeka."

"Mukakapeza mwamuna, mukatani?"

"Ndikamuona."

4

Pamsika wa Furancungo, Nélia ankaonetsa anthu chithunzi cha phiri lija pa telefoni. Amayi ogulitsa tomato ankapatsirana telefoniyo, kudabwa kuti akuti si chithunzi chojambula. Mmodzi wa oyendetsa mota, njinga zamoto zonyamula anthu, bambo wa ndevu zaimvi, anangoyang'ana kamodzi.

"Mwala uwu ndi wa ku Chidzolomondo. Koma mtengo uwu mwauika kolakwika, mana, mlongo wanga."

"Nanunso?" anatero Nélia. "Aliyense ndi mphunzitsi wanga."

Tinakwera mota ziwiri. Dzuwa lili pamutu tinaona mwala wong'ambika uja. Titakhota pamunda wa fodya wozulidwa kale, ndinaiona nyumba ija. Chitseko chobiriwira. Thayala la tsabola, lotuwa ndi dzuwa. Mng'alu pakhoma, pamalo pake penipeni. Zinali ngati talowa mu komputadori ya mwana wanga.

Pampando wamiyendo itatu panalibe mwamuna. Panali gogo wamkazi, akusankha nyemba m'lichero.

"Odi," anatero Nélia.

"Lowani. Lestina, kwabwera alendo."

Chitseko chinatseguka. Munatuluka mayi wa zaka za m'ma 40, akupukuta manja pachitenje. Anatsika pakhonde n'kuyamba kubwera kwa ife, ndipo Nélia anandikanikiza zala pamkono mpaka kupweteka.

Phazi lamanja linkalozera kunja.

Sindinayang'ane nkhope yake. Ndinayang'ana fumbi limene chidendene chake chinkautsa. Mayendedwe amene tinawasaka pagalasi nyengo yonse ija anali akubwera pabwalo, amoyo, atavala patapata.

Anagwada, anatipatsa moni. Atadzutsa maso kwa Nélia anamwetulira.

"Inu ndinu a kwa amayi a ku Tsangano, eti? Chipumi ndi chomwecho. Ali kuti eni ake? Chaka chino anditaya. Nyemba zawo ndawasungira, anthu akuzifuna koma ndikukana."

Nélia anayang'ana ine. Ine ndinavula chipewa.

"Anamwalira."

Lestina anakhala pansi pomwepo, pafumbi. "Kalanga ine. Mayi wabwino uja. Ankabwera kutali konseko chifukwa cha nyemba zokha, n'kukhala pakhondepa tsiku lonse kundithandiza kusankha. Ndimvekere, amayi, lowani m'nyumba, kunja kuno kuli mphepo. Iwo ayi, ndazolowera panja."

Lichero la gogo uja linali litagwa, nyemba zili mbwee.

5

Gogoyo dzina lake anali Josefina. Anatuma Lestina kukatunga madzi a alendo, Nélia n'kumuperekeza. Ine ananditengera kuseri kwa chigafa.

"Ndinu amuna ake?"

"Inde."

"Anakuuzani?"

"Ayi."

"Ndiye anasunga mawu ake." Anakhala pachitsa, akupuma movutika. "Palmira anali mlamu wanga. Anakwatiwa ndi mlongo wanga asanathe n'komwe msinkhu. Lestina ndi mwana wawo."

Iye anapitiriza, maso ali pansi.

"Tsiku limene mfuti zinalira m'mudzi, Palmira anali atapita kumtsinje. Mwana anandisiyira ine chifukwa anali ndi chifuwa. Aliyense anathawira kumene nkhope inaloza. Mlongo wanga anafera pabwalo. Ine ndinakwera mapiri ndi mwanayo, iye anawolokera ku Malawi. Kumeneko anamuuza kuti m'mudzi simunatsale ngakhale nkhuku."

"Anadzamupeza liti?"

"Atabwera kumaliro ku Furancungo. Anamuona pamsika ali kale namwali, akugulitsa nyemba. Anamudziwira phazi. Anamutsatira mpaka pano." Josefina anapukuta pakamwa. "Ine ndilibe wanga wobereka, bambo. Mwana uyu ndinamutafunira mizu m'phanga. Amadziwa kuti amake ndine. Ndinamuuza Palmira kuti, iwe unathawa kumsana kulibe kanthu, ine ndinathawa ndi katundu wako. Ukamuuza, ndisamuka naye, sudzamuonanso. Ubwere ngati wogula nyemba. Pakhonde ukhale, koma chitseko ichi usadzachidutse."

Kumsana kulibe kanthu.

Ndinaona dzanja lija likupita kumbuyo. Pamsewu wa kumsika, m'mizere ya kachewere, polowa m'tchalitchi. Zaka zonsezo ndinkati ndi msana, mpaka ndinkamugulira mankhwala opaka. Iye ankafufuza mwana.

"Ndinamufunsa kuti amuna ako akudziwa?" anatero Josefina. "Anati, amuna anga ndi munthu wabwino, koma anatseka nkhani za nkhondo pamalire."

Ndinagwira mzati wa chigafa.

"Tsopano wapita," anapitiriza. "Ine ndatsala pang'ono. Ndikupempheni, bambo. Mukuoneka kuti ndinu munthu wosunga pakamwa. Gulani nyemba zanu muzipita."

6

Titabwerera pabwalo tinapeza zinthu zitapita kale patsogolo. Nélia anali atatsegula komputadori pakhonde, ndipo Lestina anali ataweramira pagalasi, ndowa ya madzi ataiiwala padzuwa.

"Iyi ndi nyumba yanga," ankatero. "Mpaka mng'aluwu. Mwati anakuuzani ndi pakamwa basi, ali chigonere?" Anatembenukira kwa Josefina. "Amayi, munthu wogula nyemba amaloweza nyumba ya eni chonchi?"

Josefina anayamba kutola nyemba pansi, imodziimodzi.

Nélia anadina, ndipo Palmira anatulukira pagalasi, duku lofiira, chipsera padzanja. Anayenda kulowera kuchitseko chobiriwira, n'kupititsa dzanja kumsana. Atafika pakhonde anaima, chifukwa kutsogoloko kunalibe kopita.

"Bwanji aima?" anafunsa Lestina.

"M'kati sindinapangemo," anayankha Nélia. "Sankamudziwa."

Lestina anayang'ana ine. Moyo wanga wonse ndakhala ndikukhulupirira kuti kukhala chete sikupweteka munthu. Gogo uja ankandiyang'ana ndi maso opempha. Koma pagalasipo mkazi wanga anali ataima pakhomo, akudikira.

"Anali amako," ndinatero.

Palibe anakuwa. Nkhuku inadutsa pakati pathu n'kuyamba kujompha nyemba.

"Amayi," anatero Lestina motsitsa, "bambo awa akuti chiyani?"

Josefina sanadzutse mutu. "Ndinakutafunira mizu," ananong'ona.

Lestina anaimirira. Anayang'ana gogoyo, anayang'ana Nélia, anayang'ana pakhonde pamene Palmira ankakhala.

"Zaka zonsezi ndinkawayeza nyemba ndi chitini," anatero. "Ndinkawachotserako akandinyengerera mtengo. Ana anga ankawatcha amayi a kachewere." Kenako anatembenukira kwa ine. "Inu mwabwera kudzandipatsa mayi amene mwamukwirira kale. Ndimutani?"

Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Tinadikira mpaka mthunzi wa chigafa unafika pathayala, koma sanatulukenso. Josefina anatiuza kuti tichoke, ndipo tisadzabwerenso.

Titafika ku Furancungo, Nélia anati, "Moyo wonse osayankhula, Papá. Lero ndiye mwasankha."

Komputadori inakhala m'chikwama mpaka mitengo ya mapichesi inachita maluwa. Nélia anati filimeyo waisiya. Ine ndinkapita kumanda m'mawa, n'kukaima. Ngakhale kumeneko mawu sankabwera.

7

Mvula itatsala pang'ono kugwa, ndinali kukonza mizere pamene ndinaona munthu akukwera njira ya kwathu, kathumba kali pamutu. Sindinafunikire kuona nkhope.

Anatula kathumbako pakhomo. "Nyemba zawo," anatero Lestina. "Sindinabwere kudzacheza. Mundionetse pamene agona."

Tinamuperekeza. Anatipempha kuti timusiye yekha, ndipo anakhalako nthawi yaitali. Atabwerako anakhala pamphasa, maso ali ofiira, n'kulandira madzi kwa Nélia.

"A Josefina ali bwanji?" ndinafunsa.

"Sitikuyankhulana bwino. Koma ndikuwaphikira. Ndi amayi anga." Anamwa madzi. "Enawanso ndi amayi anga. Sindikudziwa kuti ndikwiyire ndani."

Kenako anatulutsa telefoni yake n'kupatsa Nélia. Munali zithunzi za m'nyumba mwake: tebulo lophimba nsalu yoluka, mtsuko pakona, makatani a maluwa, kalendala yakale pakhoma, bedi.

"Unati sunapangemo m'kati," anatero. "Ndi mmenemo."

Nélia anayang'ana zithunzizo chimodzichimodzi. Kenako anati, "Mana, ndikupempheni chinthu china. Mungayende kuchoka apa kukafika pakhola? Mmene mumayenderamo basi."

"Kuyenda kokha? Ku Beira munapita kukaphunzira zimenezi?"

"N'zimene amandifunsanso Papá."

Lestina anayenda. Nélia anagwada pafumbi akujambula mapazi. Ine ndinayang'ana kumbali.

Ntchitoyo inamutengera Nélia mpaka chimanga chinafika m'mawondo. Ankaika chithunzi cha Lestina mbali imodzi, Palmira mbali ina, n'kumasuntha mafupa a phazi pang'onopang'ono kuti agwirizane. Anamanga tebulo, anaumba mtsuko, analowetsa dzuwa pawindo kuti ligwere pansalu yoluka ija. Tsiku lomwe anamaliza anandiitana kumunda.

"Papá, ndisanakuonetseni. Ndikhoza kusintha mathero. Ndikhoza kumanga nyumba yathu ino, kuti Mamã azibwera kwa inu. N'zosavuta."

"Onetsa."

Palmira anatulukira pansi pa mwala wong'ambika. Phazi lamanja kunja, chidendene chikuutsa fumbi. Anadutsa chigafa, anadutsa thayala la tsabola. Dzanja linapita kumsana. Anakwera pakhonde. Chitseko chobiriwira chinatseguka, ndipo dzanja lija linatsika.

"Ndi iyeyo," ndinatero.

"Nanga nyumba? Ndisinthe?"

"Musiye alowe."

Inu amene mukuwerenga, ndinapita ku Chidzolomondo kukasaka mwamuna amene anandibera mkazi. Sindinamupeze. Palmira sanandibisire chibwenzi. Anandibisira bala, chifukwa tsiku limene anafuna kundionetsa ndinamuuza kuti aliphimbe. Ndinkayesa ndikumuteteza. Ambiri a ife amene tinawoloka malire aja tikadali chete mpaka lero, ndipo timati ndi mtendere. Ngati m'nyumba mwanu muli munthu amene amapita kutali kukagula chinthu chimene chili pakhomo, mufunseni akadali ndi pakamwa poyankhira. Ndipo akayamba kuyankha, musamudule.

Nélia anabwerera ku Beira, filime yake akuti ikaonetsedwa kumeneko. Anandisiyira ina pa telefoni. Sindiidziwa bwino telefoniyo, koma pamene pali mkazi wanga ndimapadziwa. Ndimamuona akuyenda, akulowa m'nyumba imene si yanga, chitseko n'kutsekeka. Ine ndimatsala panja.

Nyemba zija ndabzala kumunsi kwa manda. Zamera.